Mphepo Yasasula Denga: Ndani Aime Mbali Yanu pa Claim ya Inshuwalansi?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira ku Linthipe kutsetsereka mpaka ku Manjawira, ndipo kulira kwake ndi kumodzi: mvula yoyamba idabwera ndi mphepo, madenga adapita, anthu akudikira a inshuwalansi. Ndasankhapo anayi. Yoyambayi ndikhalitsapo chifukwa yanyamula mavuto omwe ali m'makalata ena ambiri.

FUNSO

Zikomo bambo mlangizi. Ine ndili ndi sitolo ya zipangizo zomangira ndi zakudya pang'ono pa Kampepuza, ndipo kuseri kwake kuli chipinda chachikulu chosungiramo katundu. Mu Novembala kudabwera mphepo ya mkuntho ndi matalala chakumasana, denga la kuseriko lonse lidasasuka, malata ena tidakawatola m'munda mwa aneba. Matumba a simenti, feteleza ndi shuga adanyowa. Ndakhala ndikulipira inshuwalansi ya nyumba ndi katundu chaka ndi chaka kuyambira 2021 osaphonya. Kampani idatuma munthu, adayeza, adajambula, basi nkumapita. Mmisiri wanga akuti kukonza kulowa K18 miliyoni, koma pepala lomwe labwera akuti andipatsa K7.5 miliyoni ya nyumba, ndipo za katundu akuti ndibweretse kaye umboni. Shuga ndi feteleza ndidataya chifukwa zimanunkha. Mwana wanga wamkazi yemwe ndi nesi ku Florida akuti kumeneko kuli anthu otchedwa public adjuster omwe amamenyera nkhondo mwini nyumba. Kodi kuno aliko? Nanga ndisaine? Ndaikamo fotokope ya pepalalo.

Mwini sitolo, Kampepuza

YANKHO

Bambo, pepani kwambiri ndi zomwe zakugwerani. Ndiyambe ndi funso lomaliza chifukwa ndilo lachangu: musasaine kaye. Kumunsi kwa pepala lomwe mwanditumizirali kuli mawu onena kuti mukalandira ndalamayi, nkhani ya nyumbayo yatheratu. Mukangoikapo dzina lanu, ngakhale mawa mmisiri atapeza kuti khoma lidang'aluka pomwe denga linkazuka, wokumverani sadzapezekanso. Kudikira sabata ziwiri kapena zitatu sikuthawitsa K7.5 miliyoniyo. Kampani yavomera kale kuti ngoziyi ndi yoyenera kulipidwa. Chatsala ndi kugwirizana kuchuluka kwake.

Munthu adabwera ndi tepi uja ndi loss adjuster, ndipo amene akumulipira ndi kampani. Ndisanapume ntchito ndi kubwerera kwathu kuno ku Nsipe, ndinkakhala pa desiki ya ma claim, kutanthauza zopempha za anthu kuti kampani ya inshuwalansi iwalipire, ku Blantyre, ndipo malipoti a anthu amenewa ndiwo ndinkawerenga tsiku ndi tsiku. Ambiri mwa iwo ndi anthu oona mtima komanso odziwa ntchito, ndiye musamuyese mdani. Koma adatumidwa kuti akaonetsetse kuti kampani isalipire kuposa zomwe chikalata cha inshuwalansi chikunena. Kukukumbutsani zomwe mwaiwala kulemba si ntchito yomwe adalembedwera. Amalemba zomwe waona ndi zomwe mwamuonetsa. Zomwe simudamuonetse, m'lipoti mulibe, ndipo zomwe m'lipoti mulibe, wa pa desiki sangazilipire ngakhale atakumverani chisoni chotani.

Apa ndi pomwe mwana wanu akunena zoona. Ku America public adjuster ndi katswiri wa ntchito yomweyi, koma wolembedwa ndi mwini nyumba. Amawerenga chikalata mzere ndi mzere kuti aone zonse zomwe mwini ali ndi ufulu wolandira, amalowa m'nyumba yoonongekayo nkulemba chinthu chilichonse mpaka maloko ndi mawaya a magetsi, amawerengera mtengo wokonzera, kenako amakhala pansi ndi wa kampani uja nkumakambirana nambala ndi nambala. M'zigawo (state) zambiri za dzikolo sayamba ntchitoyi wopanda chiphaso cha boma la chigawo chomwe akugwiramo, ndipo bungwe lawo, National Association of Public Insurance Adjusters, lakhalapo kuyambira 1951. Malipiro awo ndi gawo la ndalama zomwe kampani yatulutsa. Ku Florida komwe kuli mwana wanuko, komwe namondwe Andrew adasakaza mu 1992 ndi Ian mu 2022, lamulo lidaika malire: saloledwa kutenga zoposa 10 peresenti pa claim yochokera pa ngozi yomwe boma lalengeza, m'chaka choyamba chichitikireni ngoziyo, ndipo pa ma claim ena malire ndi 20 peresenti. Ku Britain ntchito yomweyi amaigwira anthu otchedwa loss assessor.

Kuno kwathu akatswiri oyeza zoonongeka alipo, koma ntchito yawo yambiri imachokera ku makampani. Palibe chokuletsani inu kukhala ndi wanu, ndipo ntchito ya public adjuster mungathe kuigawira anthu awiri kapena atatu omwe mungawapeze ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Woyamba ndi broker, mkhalapakati amene amafunira anthu inshuwalansi ku makampani, ngati inshuwalansi yanu mudagula kudzera mwa iye. Broker amayenera kuima mbali ya kasitomala, ndipo kuthamangitsa claim ndi gawo la ntchito yomwe adadyera kale komishoni. Muimbireni lero, mumuuze kuti ndalamayo simukugwirizana nayo ndipo mukufuna lipoti la adjuster kapena kalata yofotokoza momwe awerengera. Ngati mudagula kwa agent, dziwani kuti iyeyo amagulitsira kampani, ndiye musamudalire mofanana. Wachiwiri ndi quantity surveyor, katswiri wowerengera mtengo wa zomangamanga. Kwa inu, ameneyu ndiye wofunika koposa, ndipo chifukwa chake chili pa pepala lanu lomweli.

Taonani momwe afikira pa K7.5 miliyoni. Pa K18 miliyoni ya mmisiri wanu achotsapo K2 miliyoni ati chifukwa matabwa ena adali odyedwa ndi chiswe, kwatsala K16 miliyoni. Kenako pali mzere womwe alembapo average. Mu 2021 mudalembetsa nyumbayo pa K40 miliyoni, ndipo chaka chilichonse mwakhala mukulipira pa mtengo womwewo. Adjuster walemba kuti kuimanganso lero kungalowe K80 miliyoni. Kampani ikuti mudateteza theka lokha la nyumba yanu, ndiye pa ngozi iliyonse iwo alipira theka, theka linalo ndi lanu. Theka la K16 miliyoni ndi K8 miliyoni. Achotsapo excess ya K500,000, yomwe ndi gawo lomwe mwini amadzilipirira yekha pa claim iliyonse. Yatsala ndi imene akupatsaniyo.

Zimandiwawa kunena izi kwa munthu amene walipira mokhulupirika chonchi, koma lamulo la average lili m'zikalata zambiri za inshuwalansi ya nyumba ndi katundu, ndipo kampani ili ndi ufulu woligwiritsa ntchito. Chomwe chidakupwetekani ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 mphamvu yake idachepetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Inu mumagulitsa malata ndi simenti, mukudziwa kuposa ine momwe mitengo idakwerera. Nyumba idakwera nayo, koma nambala ya pa chikalata idangokhala pomwe idali. Ndimaona kuti makampani ndi ma broker nawo ayenera kumalankhula momveka nthawi yokonzanso chikalata, osangotumiza invoice ya chaka chatha nkukhala chete.

Komabe K80 miliyoniyo si mawu a m'buku lopatulika. Ndi chiyerekezo cha munthu mmodzi yemwe adakhala pamalopo maola ochepa, ndipo mungathe kuchitsutsa ndi umboni. Mtengo wofunika pano ndi womanganso nyumba yofanana ndi yanuyo, njerwa zake, simenti yake, denga lake. Malo salowamo, ndipo kuti sitolo ili pamsewu wa phindu sikulowamonso. Quantity surveyor wanu akayeza bwinobwino napeza, mwachitsanzo, K60 miliyoni, ndiye kuti mudateteza magawo awiri mwa atatu, ndipo K16 miliyoni ija ikubala yoposa K10.6 miliyoni asanachotse excess. Kusiyana kwake ndi kwakukulu kuposa malipiro a katswiriyo. Atha kupezanso kuti adjuster adalondola. Zikatero mwadziwa pomwe mwaima, ndipo mphamvu zanu muziika pa zinazi.

Za chiswe. Inshuwalansi siilipira kukalamba kwa nyumba, zimenezo nzoona. Koma pitani kuseriko mukaone matabwa omwe adagwa, ngati ana sanawasonkhere moto. Thabwa lodyedwa ndi chiswe limapepuka, mukalibaya ndi msomali umangolowa, mkati mwake muli dothi ndi tinjira. Thabwa lomwe mphepo yathyola lili lolimba limaonetsa mnofu woyera wa paini, zingwezingwe pothyokapo, misomali yake yopindika, ina itazuka ndi kachidutswa ka lata. Ayaleni pansi m'mizere iwiri, odyedwa paokha, olimba paokha, muwawerenge, muwajambule. Ngati odyedwawo ndi anayi kapena asanu pa denga lonse, funsani kuti K2 miliyoni yachokera pati. Muonetsenso waya kapena zitsulo zomwe zidamangirira denga ku khoma ngati zidaduka, chifukwa ndi umboni woti denga lidali lomangidwa bwino ndipo chidalizula ndi mphepo. Ngati nyumba zina za pafupi zidasasukanso tsiku lomwelo, kalata ya amfumu kapena ya ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ku khonsolo ya Ntcheu ikuthandizani.

Tsopano katundu. Kutaya shuga ndi feteleza adjuster asanaziwerenge kwakuvutitsani, koma nkhani sinafe. Matumba a simenti omwe adauma ngati alipo musawasunthe, awerengedwe pomwe ali. Za zotayidwazo, umboni umangidwenso kuchokera kwina. Omwe mumapikulako katundu ku Limbe kapena ku Lilongwe ali ndi makope a ma invoice anu, apempheni. Sitetimenti ya ku banki, ya Airtel Money kapena ya TNM Mpamba ikuonetsa zomwe mudalipira ndi tsiku lake. Kope la m'sitolo lomwe mumalembamo zogulitsa, ngakhale litanyowa, liumitseni tsamba ndi tsamba, musalikopere m'kope latsopano nkutaya lakalelo. Mukachotsa zomwe mudagulitsa pa zomwe mudapikula, zotsalazo ndizo zidali m'chipindamo. Funsaninso anyamata a pa sitolo ndi aneba. Tsiku la ngozi yotere anthu amajambula ndi mafoni nkumatumizirana pa WhatsApp, ndipo chithunzi chimodzi choonetsa mulu wa matumba pansi pa denga lotseguka chimalankhula kwambiri. Dziwiranitu kuti katundu amalipidwa pa mtengo wopikulira, osati wogulitsira, ndipo average ija imagwiranso ntchito pa katundu.

Pomwe mukukambiranapo, mvula sikudikira. Phimbani ndi lona, sunthani katundu wotsala, ndipo malisiti a zonsezi musunge, chifukwa chikalata chimafuna kuti mwini ateteze zomwe zatsala. Muonenso ngati m'chikalatamo muli ndalama yochotsera zigumukire ndi yolipirira akatswiri, poti zikalata zina zimakhala nazo koma eni ake osadziwa. Lembani kalata yopempha kuti akupatseniko gawo la ndalama zomwe avomera kale, popanda kutseka claim. Makampani amatha kuvomera zimenezi, makamaka pempho likadzera mwa broker. Ndikunena izi chifukwa ndaona anthu akuthamangira kwa a katapila kuti afolere msanga, ndalama ya inshuwalansi nkudzangothera kubweza ngongoleyo.

Mukapeza munthu woti aime mbali yanu pa claim yonse, mufunseni chiphaso chake ndipo mutsimikize ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira makampani a inshuwalansi, ma broker ndi ena ogwira ntchito imeneyi. Mgwirizano wanu ukhale wolembedwa. Ndipo pa malipiro chenjerani: K7.5 miliyoni ili kale pa tebulo iye asanabwere, ndiye peresenti yake mukambirane kuti ichoke pa zomwe waonjezera zokha. Ndalama ya kampani ilowe mu akaunti yanu, osati yake.

Akakanabe, lembani kalata ya dandaulo kwa mkulu wa ma claim pa kampanipo, kope lanu alidinde tsiku lomwe alandira. Yankho likapanda kukukhutiritsani, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank komweko. Zikalata zambiri zilinso ndi ndime yonena kuti mkangano wa kuchuluka kwa ndalama upite kwa woweruza wapadera yemwe mbali zonse ziwiri zagwirizana, komanso ndime yoika malire a nthawi yomwe mungasumire ku khoti. Muziwerenge ndime ziwirizi sabata ino, musadzadzidzimuke nthawi itatha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Fayilo yomwe mwini wake akuilondola ndi makalata ndiyo imayenda. Ndipo mukamakonzanso chikalata chaka chikubwerachi, muikepo mtengo womwe quantity surveyor wapeza.

FUNSO

Ndine mphunzitsi ku Golomoti. Nyumba yanga ndidamanga ndi ngongole ya ku banki, ndipo pa sitetimenti ndimaona akudula ya inshuwalansi. Madzi osefukira adalowa m'nyumba kufika m'maondo, pulasitala wayamba kugwa, zitseko zafufuma, mipando ndi firiji zaonongeka. Chikalata cha inshuwalansiyo sindidachionepo. Ndiyambire pati?

Mayi mphunzitsi, Golomoti

YANKHO

Mayi, yambirani ku banki, ndipo mupite mawa. Pa ngongole ya nyumba pamatha kukhala inshuwalansi za mitundu iwiri. Ina ndi ya moyo wanu, yomwe imabweza ngongole mwini akamwalira, ndipo imeneyo madzi siiwadziwa. Ina ndi ya nyumba yeniyeniyo. Afunseni kuti akudula ya mtundu uti, kampani yake ndi iti, ndipo akupatseni kope la chikalata. Ndalama ikuchoka m'thumba mwanu, ndiye kuchiona ndi ufulu wanu. Tsiku lomwelo siyani kalata yodziwitsa za ngoziyo, kope lina lipite ku kampani, chifukwa zikalata zimafuna kuti ngozi inenedwe msanga ndipo kuchedwa ndi chifukwa chimodzi chomwe claim imakanidwira.

Mukachilandira, yang'anani mndandanda wa ngozi zomwe zalembedwamo. Inshuwalansi ya moto payokha imateteza ku moto, mphezi ndi kuphulika kwa zinthu zina. Mphepo ya mkuntho, madzi osefukira ndi chivomerezi zimaonjezeredwa, ndipo ziyenera kuoneka pa pepala. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, nasakaza ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera, makalata omwe ndinkalandira ambiri ankagwera pa mzere umenewu. Kwa inu a kumunsi kwa phiri, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, komwe madzi onse a kumtunda amatsikira, mzerewu ndi wofunika kuposa wina uliwonse.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani musachite: musatsuke kapena kupenta makoma musanajambule. Madzi akaphwa amasiya mzere wa matope pakhoma, wowongoka, wokhala ndi tizinyalala ndi timaudzu tomatirira. Ikani rula kapena tepi pambali pake, mujambule chipinda chilichonse, kunja ndi mkati. Matope a pansi chotsani chifukwa cha matenda, koma mutajambula kaye. Zitseko zofufumazo ndi mipando muike pakhonde kapena pamthunzi, musataye mpaka wa kampani ataziona. Muuzeni mmisiri ayang'anenso maziko ndi pansi pa makoma, chifukwa nyumba yomwe yaima m'madzi imatha kuonetsa ming'alu patapita masabata, ndipo ichi nchifukwa chinanso chosathamangira kusaina.

Ndikuuzeniretu ziwiri kuti mtima usadzasweke. Inshuwalansi yomwe banki imafuna nthawi zambiri ndi ya nyumba yokha, makoma, denga, zitseko ndi zomatidwa ku nyumbayo. Mipando ndi firiji zimafuna chikalata chakechake cha katundu wa m'nyumba. Chachiwiri, popeza nyumbayo ndi chikole cha ngongole, dzina la banki limakhala pa chikalata, ndipo ndalama itha kudzera kwa iwo. Kambiranani nawo msanga, molemba, kuti ndalamayo ipite kokonzera nyumba. Nawonso sizingawakomere kuti chikole chawo chigwe.

Thandizo la ufa, mabulangete kapena mapepala a pulasitiki lomwe limabwera kudzera ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi ku khonsolo ndi losiyana ndi inshuwalansi. Kulandira limenelo sikukuchotserani ufulu wa claim, ndipo kulembedwa dzina m'kaundula wa okhudzidwa ndi umboni wina woti madziwo adafikadi pakhomo panu.

FUNSO

Chigayo chathu cha banja pa Dedza boma chidapsa usiku, mota imodzi ndi denga zidapita. Tili ndi inshuwalansi ya moto. Kwabwera munthu wina akuti amadziwana ndi akuluakulu a ku kampani, ndimupatse K300,000 kuti claim ituluke msanga, ndipo akuti tilembe kuti zidapsa ndi mota ziwiri popeza ina ndi yakale yomwe idafa kalekale. Ndikuona ngati angatithandize, poti bambo athu akudwala ndipo chigayocho ndicho chimatidyetsa.

Mnyamata wa pa chigayo, Dedza

YANKHO

Achimwene, ndikumva kulemera kwa katundu yemwe mwasenza, koma munthu ameneyo ndi dobadoba, ndipo akugwetserani m'dzenje banja lonse. Musamupatse ngakhale tambala.

M'zikalata za inshuwalansi mumakhala ndime yonena kuti claim ikapezeka ndi bodza, yonse imafa, ngakhale gawo lomwe lidali loona. Mota yomwe idapsa ikugwira ntchito ndi mota yomwe idafa kale nkudzangowauka ndi moto sizifanana kwa injiniya. Akatsegula amaona mawaya a mkati, mabering'i, dzimbiri, ndiponso nambala ya pa kachitsulo ka mota. Akazindikira, mutaya ndalama ya mota yeniyeniyo ndi ya denga, ndipo nkhani itha kufika ku polisi pa dzina la bambo anu, chifukwa ndiwo asaine fomu. Dobadobayo dzina lake silidzapezeka pa pepala lililonse.

Woimira mwini weniweni amadziwika mosavuta. Ali ndi chiphaso chomwe mungatsimikize, ali ndi ofesi, amakupatsani mgwirizano wolemba ndi lisiti, ndipo mphamvu yake ili m'mapepala ndi m'miyeso, osati mwa anthu omwe akuti amadziwana nawo. Munthu akayamba ndi mawu oti tionjezereko pang'ono, mutsanzikeni pomwepo.

Chomwe chifulumizitse claim yanu ndi ichi: lipoti la apolisi la motowo, fomu ya claim yodzazidwa bwino, malisiti kapena umboni wina wogulira mota, ndi ma quotation awiri kapena atatu a mota yofanana mphamvu ndi ya denga. Malo opsawo musawasese, mota musaisunthe mpaka aione. Tsimikizaninso kuti ndalama ya inshuwalansi ya chaka chino idalipidwa yonse, lisiti lake likhale pamwamba pa fayilo. Muonenso ngati chikalata chanu chili ndi gawo lolipira phindu lomwe mukutaya pomwe chigayo chaima. Limeneli limagulidwa padera, koma ngati bambo adaliika, kope lomwe mumalembamo ndalama zogayitsa za tsiku ndi tsiku ndilo lidzakhale umboni wanu.

FUNSO

Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a mbatatesi ndi kabichi ku Tsangano. Matalala adatiphwanyira minda. Mmodzi mwa ife ali ndi inshuwalansi ya nyumba, ndipo ena adamva za inshuwalansi ya nyengo. Kodi pali chomwe tingalandire?

Mlembi wa kalabu, Tsangano

YANKHO

Achemwali, inshuwalansi ya nyumba siifika kumunda, ndiye kwa mnzanuyo kulibe cholandira pa mbewu. Mbewu zili ndi inshuwalansi yakeyake, ndipo iyenera kugulidwa nyengo isanayambe.

Ya nyengo yomwe anzanu adamvayo idayamba kuyesedwa m'dziko muno mu 2005 pakati pa alimi a mtedza, mothandizana ndi NASFAM ndi World Bank. Kayendedwe kake ndi kosiyana ndi zonse zomwe ndafotokoza pamwambapa, chifukwa palibe munthu amabwera kudzayeza munda wanu. Amayang'ana kuchuluka kwa mvula komwe kwalembedwa m'dera lanu, ndipo ikachepa kupyola mlingo womwe mudagwirizana, onse olembetsa amalandira. Ubwino wake ndi woti palibe kukangana ndi adjuster. Kuipa kwake ndi koti matalala atha kuphwanya munda wanu pomwe muyeso wa mvula ukuonetsa kuti zonse zili bwino, ndipo simulandira kanthu.

Kwa inu a kumtunda, komwe matalala ndiwo mdani, mukamakambirana ndi kampani kapena broker chaka chamawa funsani mwachindunji ngati matalala alembedwamo, amene adzabwere kudzayeza ndani, ndipo muyenera kunena pasanathe masiku angati. Pitani ngati kalabu, ndi mndandanda wa maekala a membala aliyense ndi malisiti a mbewu ndi feteleza. Za chaka chino, kanenani kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu kuti minda yoonongekayo ilowe m'lipoti lopita ku khonsolo ya Ntcheu.